Kalata yotseguka kwa a Meya ndi makhansala a Toronto pa za mudzi wa pa zilumba za Ward's ndi Algonquin

Olemekezeka a Meya, ndi inu nonse makhansala a mzinda wa Toronto,

Ndikupereka moni mwaulemu, ndipo ndikuthokozani chifukwa cha ntchito yoyendetsa mzinda waukulu chotere, ntchito yomwe ndikudziwa kuti odandaula sasowa. Ine ndimakhala kumtunda, ndilibe nyumba pa chilumba, ndiponso dzina langa silili pa mndandanda wa ofuna kugula nyumba kumeneko, choncho palibe chomwe ndikudzipemphera. Ndalemba m'Chichewa kuti abale anga olankhula chinenerochi, omwe ambiri amadziwa zilumba za Toronto ngati malo okawotcherako nyama ndi kusambira m'nyengo yotentha basi, amve nawo nkhaniyi ndi kuigawira anzawo, popeza nawonso amakhoma misonkho mumzinda uno.

Nkhani yanga ndi ya mudzi waung'ono wa nyumba 262, wa anthu osafika chikwi chimodzi, womwe uli kum'mawa kwa zilumbazi, ku Ward's ndi ku Algonquin. Mudziwu unayamba ngati malo opumulirako m'nyengo yotentha, unakula n'kukhala tauni ndithu, kenako akuluakulu a boma anaugumula pang'onopang'ono kwa zaka zoposa khumi, ndipo kachigawo komwe katsalaka kanapulumuka chifukwa eni ake anakana kuchoka. Mantha anga ndi akuti zomwe mabuludoza analephera kuchita, madzi, zombo zokalamba ndi kuiwala zikhoza kuzichita mwakachetechete popanda khansala ndi mmodzi yemwe kukweza dzanja kuti zichitike. Ndiyamba ndi mbiri, chifukwa madandaulo anga sangamveke popanda iyo.

Zilumbazi poyamba sizinali zilumba. Unali mtunda wautali wa mchenga wolumikizana ndi dziko chakum'mawa, womwe mafunde a nyanja ya Ontario anaunjika kuchokera ku maphompho a Scarborough Bluffs, n'kutchinga madambo a pamathiriro a mtsinje wa Don. Anthu a mtundu wa Mississauga ankabwerako kudzapuma ndi kudzachira azungu asanafike, ndipo funso loti kaya malowa anagulitsidwadi kwa azungu pa mgwirizano wa 1805 linali mbali ya dandaulo lomwe linathetsedwa mu 2010, pomwe boma la Canada linalipira mtunduwu madola 145 miliyoni. Nyumba younikira zombo ya ku Gibraltar Point inamangidwa mu 1808, malowa akadali olumikizana ndi kumtunda. Mu Epulo 1858 namondwe wamkulu anadula mchengawo n'kutsegula mpata womwe lero ukutchedwa Eastern Gap, ndipo kuyambira pamenepo aliyense wopita kumeneko anayenera kuwoloka madzi.

Oyamba kukhazikika anali asodzi. Banja la a Ward linafika cha m'ma 1830, ndipo ndi lomwe linapatsa dzina mbali ya kum'mawayo, ngakhale kuti Ward's si chilumba choima pachokha koma nsonga chabe ya chilumba chachikulu cha Centre Island. Banja la a Hanlan linakhazikika kumadzulo mu 1862, ndipo mwana wawo Ned Hanlan anadzakhala katswiri wa dziko lonse pa mpikisano wopalasa bwato mu 1880. Mzinda utatenga ulamuliro wa zilumbazi mu 1867, unadula mapuloti n'kumawabwereketsa pa lizi. Mabanja olemera anamanga nyumba zikuluzikulu zopumuliramo motsatira gombe loyang'ana kunyanja, tchalitchi cha St. Andrew-by-the-Lake chinamangidwa mu 1884, mahotela ndi malo a zisangalalo anachuluka, ndipo ku Hanlan's Point kunali bwalo la masewera komwe Babe Ruth, katswiri wa masewera a baseball, anamenyera mpira wake woyamba wotuluka kunja kwa bwalo ngati wosewera wolipidwa mu Sepitembala 1914.

Koma mbiri ya Ward's ndi ya anthu wamba, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsere. Anthu omwe analibe ndalama zomangira nyumba ankabwera ndi matenti. Mu 1899 panali mabanja 8 okha omwe ankalipira madola 10 pa nyengo yonse yotentha kuti akhome tenti pamchenga. Pofika 1913 matenti anali atachuluka kwambiri moti khonsolo inaona kuti ndi bwino kuwaika m'mizere ndi kulemba timisewu pakati pawo, ndipo mu 1931 inalola kuti m'malo mwa matenti anthu amange tinyumba ta matabwa. Aliyense amene anayendapo ku Ward's akudziwa kuti mawonekedwe a msasa wa matentiwo alipobe mpaka lero: puloti iliyonse ndi ya mamita pafupifupi 12 m'lifupi ndi 14 m'litali, timisewu monga First Street, Second Street ndi Third Street ndi tinjira ta simenti toti anthu awiri okankha tingolo amayenera kupatukirana, ndipo khonde la nyumba imodzi limayang'anizana ndi zenera la ina moti palibe amene angadwale mnzake osadziwa. Galimoto za anthu wamba siziloledwa. Katundu yense, kuyambira mkaka mpaka matabwa okonzera denga, amayenda pa njinga ndi pa tingolo.

Algonquin nayo inabadwa chifukwa cha chigamulo cha akuluakulu. Pomwe ankamanga bwalo la ndege kumadzulo kwa zilumbazi mu 1937, bwalo la masewera lija linagwetsedwa ndipo nyumba za anthu zinayenera kuchoka. Nyumba 31 zinakwezedwa pa zombo zonyamula katundu n'kuyandamitsidwa mpaka pa kachilumba ka mchenga komwe panthawiyo kankatchedwa Sunfish, komwe anakakulitsa ndi mchenga wokumba pansi pa doko n'kukapatsa dzina loti Algonquin. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, Toronto inali pa vuto la kusowa kwa nyumba, ndipo khonsolo yomweyi inalimbikitsa anthu kuti akonze tinyumba ta nyengo yotenthato kuti tizitha kupirira chisanu, azikhalamo chaka chonse. M'zaka za m'ma 1950 mudzi unayambira ku Ward's mpaka ku Hanlan's Point, unali ndi nyumba pafupifupi 630, ndipo msewu wake waukulu, Manitou Road, unali ndi masitolo, mahotela, nyumba yoonetsera kanema ndi malo ovinira.

Kenako kunabwera boma la Metropolitan Toronto (Metro), loyang'anira mzinda wa Toronto pamodzi ndi matauni ouzungulira, lotsogozedwa ndi Frederick Gardiner. Msewu waukulu womwe ukudziwika ndi dzina lake unadya malo ambiri opumulirako a m'mbali mwa nyanja, ndipo zilumba zinasankhidwa kuti zilowe m'malo mwake ngati paki. Mu 1956 malowa anaperekedwa m'manja mwa bomalo, ndipo ntchito yogumula inayambira kumadzulo kulowera kum'mawa, lizi ikatha nyumba n'kugwa. Pofika 1963 onse ofuna kuchoka anali atachoka, ndipo pofika 1970 kunatsala nyumba pafupifupi 250 zokha ku Ward's ndi ku Algonquin. Kumapeto kwa 1973 khonsolo ya Metro inavota kuti otsalawo nawonso achoke, pomwe khonsolo ya mzinda wakale wa Toronto inali mbali ya eni mudzi. Milandu inayenda m'makhoti zaka zingapo. Pa 28 Julayi 1980 wogwirizira udindo wa sherifi, yemwe amakwaniritsa zigamulo za khoti, anawoloka ndi zikalata zothamangitsira anthu, ndipo anapeza khamu la eni mudzi ndi owathandiza litamudikirira pafupi ndi mlatho wa ku Algonquin. Anabwerera osapereka zikalatazo. Boma la chigawo cha Ontario linakhazikitsa kafukufuku wotsogozedwa ndi loya Barry Swadron, yemwe analangiza kuti mudzi ukhale, ndipo lamulo la mu Disembala 1981 linawapatsa mpaka 2005. Mtendere weniweni unadza mu 1993, pansi pa boma la Ontario lotsogozedwa ndi Bob Rae, ndi lamulo la Toronto Islands Residential Community Stewardship Act, lomwe linapereka lizi ya zaka 99, yodzatha mu 2092.

Ndakumbutsa zonsezi pa chifukwa chimodzi. Mu 1998 mzinda wakale wa Toronto ndi boma la Metro zinaphatikizidwa kukhala khonsolo imodzi yomwe inu mukukhalamo lero. Ndinu olowa m'malo a onse awiri, a iwo omwe anagumula ndi a iwo omwe anateteza, ndipo simungatenge mbiri yabwino yokha n'kusiya ngongole ya inayo.

Dandaulo langa loyamba, lomwenso ndi lalikulu, ndi la madzi. Mu 2017 nyanja ya Ontario inakwera kufika mamita 75.88 pamwamba pa mlingo wa nyanja ya mchere, ndipo paki ya pa zilumba inatsekedwa kwa alendo kuyambira kumayambiriro kwa Meyi mpaka kumapeto kwa Julayi. Madzi anadzadza misewu ndi mabwalo moti nsomba zinkaoneka zikusambira pa bwalo la masewera, ana a sukulu ya pachilumba anasamutsidwira kumtunda, ndipo eni mudzi, ambiri a iwo okalamba, anakhala milungu yambiri akudzadza matumba a mchenga ndi kulondera mapampu usiku. Ambiri ankaganiza kuti zimenezi zimachitika kamodzi pa moyo wa munthu, koma patangopita zaka ziwiri, mu 2019, madzi anabwereranso n'kuposa pamenepo, kufika mamita 75.92. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo pa zilumba za mchengazi vuto lake ndi loposa apo, chifukwa madzi sabwera ndi mafunde okha koma amatumphukanso pansi pa nthaka, kuseri kwa matumba omwe mwaunjika.

Ndikudziwa kuti si inu amene mumalamulira kuchuluka kwa madzi m'nyanjayi. Madzi otuluka amayendetsedwa pa damu la Moses-Saunders pa mtsinje wa St. Lawrence, pansi pa bungwe la International Joint Commission la maiko a Canada ndi United States, ndipo m'zaka ziwiri zija mvula ndi madzi ochokera ku nyanja za kumtunda zinachuluka kuposa momwe damu lililonse likanathera kuchotsa popanda kumiza anthu a ku Montreal. Ndikudziwanso kuti simunangokhala manja lende. Bungwe la Toronto and Region Conservation Authority linachita kafukufuku wa momwe zilumba zingatetezedwere, miyala inaikidwa m'madzi ku Gibraltar Point kuti ichepetse mphamvu ya mafunde, ndipo mu 2024 munavomereza pulani yaikulu ya paki yonse. Zonsezi ndi zoyamikika. Koma pulani siimitsa madzi. Chomwe munthu wokhala pa Third Street akufuna kudziwa ndi chaka chomwe chitetezo chokhalitsa chidzamalizidwe kutsogolo kwa nyumba yake, ndi ndalama zomwe zaikidwa padera kuti chitheke. Palinso chinthu china chomwe sichinenedwa kawirikawiri: mchenga womwe unkadyetsa zilumbazi kuchokera ku Scarborough unatsekerezedwa ndi ntchito za anthu, makamaka mtunda wochita kumangidwa wa Leslie Street Spit. Kukokoloka kwa gombe, tsono, si chilengedwe chokha, ndi zotsatiranso za zomwe akuluakulu a doko ndi a mzinda anasankha kuchita, ndipo amene anasankha ayenera kusenza nawo mtengo wake.

Dandaulo lachiwiri ndi la zombo. William Inglis inamangidwa mu 1935, Sam McBride mu 1939, Thomas Rennie mu 1951, ndipo Ongiara, yomwe ndi yatsopano pa zonsezo, ndi ya m'zaka za m'ma 1960. Sindikuwerengera Trillium ya mu 1910, yomwe imasungidwa makamaka chifukwa cha mbiri yake. Ife ochokera ku Malawi tikamva chaka cha 1951 timakumbukira Ilala, yomwe inayamba kuyenda pa nyanja yathu chaka chomwecho, ndipo aliyense amene ali ndi abale ku Likoma akudziwa momwe moyo wa pachilumba umaimira sitima ikapita kokonzedwa. Zombo zimenezi zimanyamula alendo oposa miliyoni imodzi pachaka. Pa 20 Ogasiti 2022 Sam McBride, itanyamula anthu oposa 900, inawomba doko la kumtunda, ndipo anthu pafupifupi 20 anavulala. Bungwe lofufuza ngozi za zamaulendo la Transportation Safety Board of Canada, mu lipoti lake la mu 2024, linapeza kuti panalibe malamulo olembedwa onena za liwiro loyenera pofika padoko, kuti ogwira ntchito sanaphunzitsidwe mokwanira za kuwongolera khamu pa ngozi, ndiponso kuti kawerengedwe ka anthu okwera sikanali kodalirika. Zimenezi si zolakwa za woyendetsa mmodzi, ndi zizindikiro za ntchito yomwe inasiyidwa kuti izidziyendera yokha kwa nthawi yaitali.

Mu 2024 munaitanitsa zombo ziwiri zatsopano zoyendera magetsi ku kampani ya Damen, zomangidwa ku Galați m'dziko la Romania, ndipo nkhani imeneyi ndi yabwino ngakhale inachedwa zaka zambiri. Koma mlendo ndi mwini mudzi sasowa chinthu chofanana. Mlendo amadandaula ndi mzere wautali Loweruka la mu Julayi, ndipo akatopa amabwerera kwawo. Mwini mudzi amayesedwa mu Januwale, pomwe zombo zazikulu zaimikidwa ndipo Ongiara yokha ndi yomwe ikuwoloka, nthawi zina ikutsata njira yomwe chombo chozimitsa moto cha William Lyon Mackenzie chaswa m'madzi oundana. Pitani pa doko la Ward's m'mawa wa tsiku lotero mukaone: ana a sekondale atavala zikhoti zokhuthala akupita kusukulu kumtunda chifukwa sukulu ya pachilumba imathera kalasi 6, mayi wokalamba akukankha kangolo kopanda kanthu kuti akagule chakudya cha mlungu wonse popeza pachilumba palibe sitolo ya zakudya, wina ali ndi njinga, wina akuthamangira kuchipatala, onse atapanikizana m'tizipinda topapatiza ta m'mbali mwa chombo kuthawa mphepo. Chombo chimenechi chikawonongeka kapena madzi akaundana kwambiri, anthu amatengedwa pa basi kudutsa pa bwalo la ndege, ulendo wozungulira womwe umasokoneza ntchito ndi sukulu. Mudzi wonse suyenera kudalira injini za chombo chimodzi cha zaka zoposa 60.

Dandaulo lachitatu ndi la kuiwala. M'bandakucha wa pa 17 Malichi 2024 moto unawononga holo ya Ward's Island Association pamodzi ndi malo odyera a Island Café omwe anali m'nyumba yomweyo. Holoyi inamangidwa ndi eni mudzi m'zaka za m'ma 1930, nthawi yomwe matenti ankasanduka nyumba, ndipo munkachitikira maukwati, magule ndi misonkhano ya mudzi kwa mibadwo ingapo. Sindikuloza chala munthu aliyense pa za motowo. Ndikungonena kuti tsiku limenelo linaonetsa zinthu ziwiri, choyamba kuti mudzi wa nyumba za matabwa zoyandikana chotero ukhoza kutha usiku umodzi, chachiwiri kuti zinthu zooneka ndi maso zonena za mbiri ya mudziwu zatsala zochepa kwambiri. Pomwe panali Manitou Road lero pali msewu wokongola wa maluwa ndi akasupe wotchedwa Avenue of the Island. Mlendo adzapeza chikwangwani cha Babe Ruth ndi chipilala cha Ned Hanlan, koma akhoza kuyenda tsiku lonse pa kapinga osazindikira kuti akuponda pomwe panali makhitchini ndi zipinda zogona za mabanja mazanamazana. Paki ndi yabwino, ndipo inenso ndimapitako mosangalala, koma paki yomwe sinena kuti inamangidwa pa nyumba za anthu imaphunzitsa ana athu mbiri yoperewera. Mbadwo womwe unaona mabuludoza ndi womwe unaima pa mlatho mu 1980 ukutha, ndipo zomwe ukudziwa zikapanda kulembedwa tsopano sizidzapezekanso.

Dandaulo lachinayi ndilinena mwachidule. Bwalo la ndege lija, lotchedwa Billy Bishop, linasamutsapo kale anthu kamodzi, ndipo mgwirizano wa 1983 pakati pa mzinda, boma la Canada ndi oyang'anira doko unaika malire pa zomwe lingachite, kuphatikizapo kuletsa ndege za jeti zonyamula anthu. Nthawi iliyonse nkhani yokulitsa bwaloli ikabuka, kapena yomanga mlatho wowolokera ku zilumba, anthu omwe adzamve phokosolo ndi kuona khamulo pakhomo pawo ayenera kukhala pa tebulo kuyambira pachiyambi, osati kuitanidwa zonse zitatha kuti adzangomva.

Tsopano ndiyankhe mawu omwe ndimawamva kawirikawiri kumtunda, ngakhale pakati pa anzanga, akuti anthu a pachilumba ndi amwayi okhala pa malo a boma pamtengo wozizira pomwe ena tonse tikulira ndi lendi. Mawuwa ali ndi choonadi pang'ono, ndipo sindiwapeputsa. Mu 1993 lizi ya puloti inagulidwa pa madola 36,000 ku Ward's ndi 46,000 ku Algonquin, ndalama zomwe lero sizingagule ngakhale kachipinda kamodzi kogonamo pakati pa mzindawu. Koma onenawo aonenso zomwe eni mudzi anavomera kutaya. Nthaka si yawo. Nyumba sangaigulitse kwa amene wapereka ndalama zambiri, chifukwa imagulitsidwa kudzera m'bungwe losunga malowo, pamtengo wowerengedwa motsatira lamulo, poyang'ana nyumba yokhayo osati kukwera mtengo kwa malo. Ikhoza kusiyidwa kwa mkazi, mwamuna kapena mwana, apo ayi imapita kwa munthu wa pa mndandanda wa ogula, womwe sumapitirira mayina 500 ndipo munthu amalowapo mwa maere. Mwini nyumba amayeneranso kukhalamo yekha ngati kwawo kwenikweni. M'mawu ena, pamene anthu a kumtunda analemera chifukwa chongokhala ndi nyumba zaka makumi atatu, a pachilumba anasankha mudzi m'malo mwa chuma chimenecho.

Cholakwika pa dongosololi, m'kuona kwanga, si chakuti lilipo, koma chakuti ndi laling'ono kwambiri. Kawirikawiri nyumba imodzi kapena ziwiri zokha ndi zomwe zimagulitsidwa pachaka, choncho munthu akhoza kukalamba ali pa mndandanda. Lamulo la 1993 linatsegula khomo loti pamangidwe nyumba zina zambiri, makamaka zoyendetsedwa mogwirizana kuti anthu opeza zochepa akhalemo, koma boma la Ontario lotsogozedwa ndi Mike Harris litalowa mu 1995 linathetsa mapulaniwo, ndipo pamapeto pake panawonjezeka nyumba 12 zokha. Akanati nyumba zija zimangidwe, mudziwu ukanakhala ndi ana ambiri, anthu a mitundu yosiyanasiyana, ndipo mwina ndi mabanja ena a ife obwera. Mzinda womwe tsiku ndi tsiku ukufunafuna njira yochotsera nyumba m'manja mwa ochita malonda uli ndi chitsanzo cha zaka zoposa 30 chomwe chikugwira ntchito, ulendo wa mphindi zosakwana 20 pa chombo kuchokera padoko lanu, koma chimatchulidwa kawirikawiri ngati chinthu chochitira nsanje kusiyana ndi chinthu chophunzirapo.

Potengera zonsezi, ndikupempha mwaulemu zinthu izi:

1. Mulengeze poyera, m'chilankhulo chomwe munthu wamba angamve, ntchito zonse zoteteza Ward's ndi Algonquin ku madzi osefukira ndi kukokoloka kwa gombe, chaka chomwe iliyonse idzayambe ndi kutha, ndalama zomwe zapezeka kale ndi zomwe zikusowabe. Pa ndalama zosowazo, mupite ku boma la Ontario ndi la Canada, ndipo mutiuze zomwe ayankha. Malo okhala anthu asakhale omaliza pa mzere pambuyo pa malo okopa alendo.

2. Mutsimikize kuti m'nyengo yozizira padzakhala chombo chachiwiri chotha kuyenda m'madzi oundana, chokonzeka kulowa m'malo china chikawonongeka, ndipo ndondomeko ya maulendo ikonzedwe pamodzi ndi eni mudzi poganizira nthawi ya sukulu, ya ntchito ndi ya chipatala.

3. Chaka chilichonse mutulutse lipoti losonyeza momwe zofooka zomwe Transportation Safety Board inapeza zakonzedwera, kuti nkhani ya chitetezo isathere pa kugula zombo zatsopano.

4. Muthandize eni mudzi pa ntchito yomanganso holo ya ku Ward's mpaka ithe, makamaka pofulumizitsa zilolezo, ndipo muunikenso ngati zida zozimitsira moto za pachilumba ndi zokwanira timisewu topapatiza ngati timeneti.

5. Mupereke ndalama ndi akatswiri a ku malo osungira zakale a mzinda kuti ajambule mawu a okalamba omwe anakhalapo ku Hanlan's Point, ku Centre Island, ku Ward's ndi ku Algonquin, kuphatikizapo omwe anachotsedwa n'kubalalika, ndipo muike zizindikiro pomwe panali Manitou Road ndi misewu ina yosonyeza mapu a mudzi wakale ndi zaka zomwe unagwetsedwa. Ntchitoyi ichitike mogwirizana ndi a Mississaugas of the Credit, omwe mbiri yawo pa malowa ndi yakale kuposa ya wina aliyense.

6. Pa zokambirana zilizonse za bwalo la ndege kapena za mlatho, nthumwi za eni mudzi ziitanidwe chigamulo chisanapangidwe.

7. Khonsolo ipemphe boma la Ontario kuti liunikenso nkhani ya nyumba zowonjezera zomwe zinathetsedwa zija, pa malo omwe akatswiri a madzi angavomereze kuti ndi otetezeka, ndipo mulamule akuluakulu a za nyumba mumzinda kuti alembe zomwe dongosolo la pachilumbali lingaphunzitse madera ena a Toronto.

Zambiri mwa zopemphazi sizifuna lamulo latsopano, zimangofuna kuti ziikidwe mu bajeti ndi pa ndondomeko ya zokambirana za khonsolo. Ndikuyembekeza kuti mmodzi wa inu azibweretsa pa msonkhano bajeti yotsatira isanavomerezedwe, ndipo ndikupempha owerenga omwe amakhala mumzinda uno kuti atumize kalatayi kwa khansala wa dera lawo ndi kumufunsa maganizo ake pa mfundo yoyamba ndi yachiwiri.

Ine wanu mwaulemu,

Mmodzi wa okhala mumzinda wa Toronto